Mafuta Onunkhira a M'zomera ndi Ubongo wa Munthu: Zimene Mlangizi Ayenera Kudziwa

Mau Oyamba

Kumadzulo kwa mzinda wa Pretoria, m'dera lotchedwa Pretoria West, kuli malo awiri amene atalikirana makilomita owerengeka okha. Malo oyamba ndi chipatala cha Weskoppies, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1892 ndipo ndi chimodzi mwa zipatala zazikulu za matenda a maganizo m'dziko la South Africa. Malo achiwiri ndi likulu la sukulu ya ukachenjede ya Tshwane University of Technology, kumene akatswiri a za mbeu akhala akufufuza ntchito ya mafuta onunkhira ochokera m'zomera. Ku malo oyambawo amasamala ubongo wodwala. Ku malo achiwiriwo amasanthula zomera zonunkhira. Pakati pa malo awiriwa pali funso limene masiku ano likufika pakhomo pa mlangizi aliyense, kaya ali ku Mzimba, ku Chipata, ku Angónia kapena ku Mutoko: kodi mafuta onunkhira angachiritse nkhawa, kusowa tulo, kuiwalaiwala ndi matenda ena a maganizo?

Funsoli limadza m'njira ziwiri. Mlimi amafunsa ngati nkwanzeru kupatula gawo la munda wake kuti adzalemo zomera zonunkhira, popeza wamva kuti mafuta ake ali ndi msika. Kholo nalo limafunsa ngati kabotolo kamene m'bale watumiza kuchokera ku South Africa kangalowe m'malo mwa mapiritsi amene mwana wake amalandira ku chipatala. Mlangizi si dokotala, komabe m'midzi yambiri ndiye munthu wophunzira amene ali pafupi, ndipo mau ake amalemera. Yankho lake lingapulumutse ndalama za mlimi, ndipo nthawi zina lingapulumutse moyo.

Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi. Mafuta onunkhira amafikadi ku ubongo, ndipo angautonthoze kapena kuuvulaza. Koma chimene chimafika ku ubongo si dzina la chomera ai. Ndi timankhwala timene tili m'mafutamo, ndi muyeso wake. Timankhwala timeneti timasintha molingana ndi mtundu wa mbeu, nthaka ndi nthawi yokolola. Motero nkhaniyi imayambira m'munda, ndipo ife a zaulimi sitingaithawe.

Chifukwa Chake Anthu Akufunafuna Mafutawa

Kafukufuku wamkulu wotchedwa South African Stress and Health, amene anachitika kuyambira 2002 mpaka 2004 pakati pa anthu akuluakulu 4,351, anapeza kuti anthu 30 mwa 100 alionse anadwalapo matenda ena a maganizo pa moyo wao, kuphatikizapo uchidakwa. Matenda a nkhawa ndiwo anali patsogolo, pokhudza anthu pafupifupi 16 mwa 100. Mwa amene anali kudwala m'chaka chimene anafunsidwacho, mmodzi yekha mwa anayi ndiye anali atalandira chithandizo.

Ngati zinthu zinali chomwecho m'dziko lokhala ndi zipatala ngati Weskoppies, nanga kuli bwanji m'maiko athu enawa? Malawi imadalira chipatala cha Zomba Mental ndi malo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Zambia imadalira kwambiri Chainama Hills ku Lusaka, Zimbabwe ili ndi Ingutsheni ku Bulawayo, ndipo chipatala cha Infulene ku Maputo chili pa mtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Tete. Pamene chipatala chili kutali, msika ndiwo umayandikira. Munthu wosowa tulo kaamba ka ngongole ya feteleza sangadzudzulidwe akagula kabotolo kolembedwa kuti kamakhazika mtima pansi. Udindo wathu ndi kumuuza zoona za kabotoloko.

Kodi Mafuta Amenewa Ndi Otani?

Mafuta tikunenawa si ofanana ndi ophikira a mtedza kapena mpendadzuwa. Ophikira amafinyidwa m'njere ndipo sauluka. Onunkhira amakhala m'timatumba ting'onoting'ono ta pamasamba, m'maluwa, m'makungwa kapena m'makoko a zipatso, ndipo amauluka ndi mpweya. Chomera chimawapanga podziteteza ku tizilombo ndi matenda, ndiponso poitana njuchi.

Amene anaonapo kutcheza kachasu sangavutike kumvetsa m'mene mafutawa amatulutsidwira. Masamba amaikidwa m'chidebe chotsekedwa bwino, ndipo nthunzi ya madzi owira imadutsamo ndi kunyamula mafuta. Nthunziyo ikadutsa m'paipi yozizira imasanduka madzi, ndipo mafuta amayandama pamwamba pake.

Chofunika kukumbukira ndi mphamvu ya mafutawo. Tani imodzi ya masamba aawisi a geranium imapereka kilogalamu imodzi kapena makilogalamu awiri okha a mafuta. Izi zikutanthauza kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kali ndi mphamvu ya masamba olemera makilogalamu awiri mpaka anayi. Makolo athu ankaotcha mpungabwi pothamangitsa udzudzu, ankaphika masamba a chanzi pochiza chimfine, ndipo ankapuma nthunzi ya masamba a bulugamu. Iwo ankagwiritsa ntchito masamba odzaza dzanja. Kabotolo ka mafuta ndi chinthu china, ndipo nkulakwa kuganiza kuti popeza tsamba silinavulaze agogo, mafuta ake sangavulaze mdzukulu.

Maganizo akuti fungo la mafutawa lingachiritse matenda anafalitsidwa kwambiri ndi René-Maurice Gattefossé wa ku France, amene anatulutsa buku lotchedwa Aromathérapie m'chaka cha 1937. Koma kuyesa maganizowo mosamala, poyerekeza magulu a odwala, kunayamba mwamphamvu patapita zaka zambiri.

Njira ya Fungo Kupita ku Ubongo

M'katikati mwa mphuno, chakumwamba, muli timinyewa tambirimbiri tolandira fungo. M'chaka cha 1991 Linda Buck ndi Richard Axel a ku America anapeza m'mene timinyewati timasiyanitsira fungo lina ndi linzake, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2004. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tolandirira fungo timeneti.

Uthenga wochokera m'maso ndi m'makutu umayamba wadutsa pa malo ena osankhirapo mauthenga usanafike kumene ukupita. Uthenga wa fungo uli ndi njira yachidule: umafika msanga ku mbali za ubongo zimene zimayang'anira mantha, chimwemwe ndi kukumbukira. Nchifukwa chake fungo la dothi pa mvula ya chizimalupsa limabwezera munthu wa m'tauni ku munda wa makolo ake asanaganize nkomwe. Nchifukwa chakenso fungo lomwelo lingasangalatse wina ndi kukhumudwitsa mnzake, pakuti aliyense amalilumikiza ndi zimene zinamchitikira.

Palinso njira yachiwiri. Timankhwala ta m'mafutawa ndi tating'ono ndipo timasungunuka m'mafuta a m'thupi. Munthu akatipuma, akatidzola kapena akatimwa, timalowa m'magazi ndipo tina timafika ku ubongo weniweniwo.

Akatswiri a ku Kagoshima University ku Japan anaonetsa mphamvu ya njira yoyambayo mu 2018. Ananunkhizitsa mbewa kamankhwala kotchedwa linalool, kamene kamapezeka kambiri m'mafuta a lavender, ndipo mbewazo zinachepa mantha. Koma mbewa zimene zinali zitaphedwa mphuno sizinasinthe konse. Anapezanso kuti fungolo limagwira ntchito kudzera pa zolandirira zomwe zija za mu ubongo zimene mapiritsi a nkhawa monga diazepam amagwirapo. Zimenezi nzosangalatsa, koma mbewa si munthu. Tiyeni tione zimene zapezeka pa anthu.

Umboni Wochokera kwa Anthu

Pa nkhani ya kusintha kwa mtima kwa kanthawi, umboni ulipo koma ndi wochepa mphamvu. Mu 2008, ku Ohio State University, anthu 56 athanzi ananunkhizitsidwa mafuta a mandimu, a lavender ndi madzi wamba pa masiku osiyana. Mandimu anawasangalatsa mtima. Lavender sanapose madzi. Panalibe fungo ngakhale limodzi limene linachepetsa ululu kapena kulimbitsa chitetezo cha m'thupi.

Umboni wolimba kwambiri ndi wa mankhwala otchedwa Silexan, opangidwa ndi kampani ya Schwabe ku Germany. Awa ndi mafuta a lavender wa mtundu wa Lavandula angustifolia oikidwa m'makapisozi a mamiligalamu 80, ndipo boma la Germany linawavomereza ngati mankhwala mu 2009. Mu 2014 Siegfried Kasper ndi anzake anafalitsa zotsatira za kuyesa kwa milungu 10 pa odwala nkhawa 539. Pa sikelo yoyezera nkhawa, amene anamwa mamiligalamu 160 anatsika ndi mapointi 14.1, amene anamwa mamiligalamu 80 anatsika ndi 12.8, amene anamwa mapiritsi a paroxetine anatsika ndi 11.3, ndipo amene anamwa makapisozi opanda mankhwala alionse anatsika ndi 9.5.

Manambala amenewa akutiphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba, mafutawo anathandizadi. Chachiwiri, gawo lalikulu la kuchirako linaonekanso mwa amene sanamwe mankhwala, chifukwa kusamalidwa ndi kuyembekeza kuchira pazokha zimatonthoza mtima. Chachitatu, odwalawo sananunkhize maluwa ai. Anameza muyeso wodziwika wa mafuta oyezedwa, amene timankhwala take tiwiri tikuluikulu, linalool ndi linalyl acetate, tili pafupifupi gawo limodzi mwa atatu kalikonse. Tiyeneranso kudziwa kuti kampani yopanga mankhwalawo ndiyo inalipira kafukufukuyo. Umboni wa Silexan ndi wa Silexan yekha. Sitingautenge ndi kuupachika pa kabotolo kalikonse kolembedwa kuti lavender, ndipo kumeza mafuta a m'kabotolo koteroko nkuika moyo pachiswe.

Pa matenda oiwalaiwala a ukalamba, nkhani yake ndi chenjezo kwa ife tonse ochita kafukufuku. Mu 2002, ku Britain, Clive Ballard ndi anzake anadzoza okalamba 72 osakhazikika mtima, ena mafuta osakaniza ndi a chomera cha lemon balm ndipo ena mafuta wamba. Mwa odzozedwa lemon balm, 60 mwa 100 anakhazikika, pamene mwa enawo anali 14 okha. Dziko linakondwera. Koma mu 2011 Alistair Burns ndi anzake anabwereza kuyesako pa odwala 114, mosamala kwambiri kuti osamalira odwala asazindikire amene akulandira mafuta enieni. Magulu onse anakhazikika mofanana. Zikuoneka kuti chimene chinathandiza ndi dzanja la munthu lodzoza mwachikondi tsiku ndi tsiku. Mu 2020 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 13 wokhudza anthu 708, ndipo silinapeze umboni wokhutiritsa wakuti mafuta onunkhira amathandiza pa matendawa.

Mlangizi amene anachititsapo munda wachitsanzo akudziwa phunziro limeneli. Mbeu yochita bwino pa ndime imodzi m'chaka chimodzi sitinganene kuti yapambana. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mafuta Amene Amavulaza Ubongo

Ngati mafuta ali ndi mphamvu yotonthoza ubongo, alinso ndi mphamvu youdzidzimutsa. Timankhwala titatu tiyenera kudziwika ndi mlangizi aliyense: camphor, cineole ndi thujone. Cineole ndiye amapanga gawo lalikulu la mafuta a mitundu yambiri ya bulugamu. Camphor amapezeka m'mankhwala ambiri odzola a chimfine ndi a mutu. Thujone amapezeka m'chomera cha Artemisia afra, chimene Azulu amachitcha umhlonyane ndipo Asutu amati lengana, ndipo mafuta a chomerachi alinso ndi camphor ndi cineole. Mu 2000 akatswiri a ku Berkeley ku America anaonetsa kuti thujone amatseka zolandirira za mu ubongo zimene ntchito yake ndi kuziziritsa minyewa. Zolandirirazo zikatsekedwa, minyewa imagwira ntchito mopanda choiletsa, ndipo munthu angakomoke ndi kuphupha.

Mu 2021 Thomas Mathew ndi anzake a ku Bangalore ku India anafalitsa zimene anapeza m'zipatala zinayi. Mwa odwala 350 amene anabwera atakomoka ndi kuphupha, 55 anali atangogwiritsa ntchito mafuta a bulugamu kapena camphor. Mwa iwo, 22 anali asanagwepo chiyambire, ndipo 33 anali odwala khunyu kale. Ambiri sanamwe mafutawo. Anangodzola kapena kupuma nthunzi yake.

Kwa ana, ngozi ndi yaikulu koposa. Chipatala cha ana cha ku Melbourne ku Australia chinaunika mu 1995 ana 109 amene anamwa mafuta a bulugamu mwangozi. Chinapeza kuti mamililita awiri kapena atatu angamuodzeretse mwana, ndipo mamililita asanu, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, angamkomole.

M'zaka za 2020 ndi 2021, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, anthu ambiri m'chigawo chathu anazolowera kufunda bulangeti ndi kupuma nthunzi ya masamba: bulugamu ku Malawi ndi ku Zambia, zumbani ku Zimbabwe, umhlonyane ku South Africa. Chizolowezicho sichinathe. Pamene m'malo mwa masamba munthu athira madontho a m'botolo m'madzi owira, muyeso umakwera kwambiri. Pa banja limene pali wodwala khunyu kapena khanda, zimenezi zisachitike.

Dzina Limodzi, Mafuta Osiyana

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani, umene uli m'manja mwa ife a zaulimi. Titenge chanzi, amene dzina lake la sayansi ndi Lippia javanica, amene Ashona amati zumbani ndipo Azulu amati umsuzwane. Mu 2005 Alvaro Viljoen, amene pambuyo pake anadzakhala pulofesa ku Tshwane University of Technology, anafalitsa pamodzi ndi anzake zimene anapeza atatcheza masamba a chanzi omera okha m'malo osiyanasiyana. Anapeza magulu asanu a mafuta. Zomera zina zinali ndi linalool woposa magawo 65 mwa 100. Zina zinali ndi carvone wapakati pa 61 ndi 73. Zina zinadzaza ndi myrcenone, zina ipsenone, zinanso piperitenone. Kwa munthu woyang'ana ndi maso, zonsezo zinali chanzi.

Ku Malawi, John Kamanula wa ku Mzuzu University ndi anzake anafalitsa mu 2017 kuti kuli mitundu iwiri ya chanzi. Mtundu wina mafuta ake amatsogoleredwa ndi perillaldehyde, pamene winawo amatsogoleredwa ndi myrcenone. Poyesa timankhwalato pa anankafumbwe a chimanga, perillaldehyde anapha, koma myrcenone sanaphe. Anapezanso kuti kuchuluka kwa mafuta ndi zimene zili m'kati mwake zimasintha ndi nthawi yokolola. Ngati nankafumbwe amasiyanitsa chanzi uyu ndi uyo, ubongo wa munthu ungalephere bwanji?

Lavender nayenso ali chimodzimodzi. Lavandula angustifolia, uja anayesedwa ku Germany, ali ndi camphor wochepa kwambiri. Lavandin, amene ndi mbeu ya haibulidi yobereka mafuta ambiri ndi otchipa, ali ndi camphor wochuluka kangapo. Lavandula latifolia ali ndi camphor ndi cineole wochuluka koposa pamenepo. Onse atatu angagulitsidwe ndi dzina lakuti lavender. Munthu wa khunyu wogula kabotolo kuti agone bwino angagule chimene chingamgwetse. Rosemary nayenso ali ndi magulu atatu odziwika: wa cineole wa ku Morocco ndi Tunisia, wa camphor wa ku Spain, ndi wa verbenone wa ku Corsica.

Kasamalidwe ka m'munda nakonso kali ndi mbali yake. Ku University of Pretoria, Bahlebi Eiasu, Martin Steyn ndi Puffy Soundy anaonetsa mu 2008 kuti geranium wothiriridwa pafupipafupi, kenaka nkusiyidwa osathiriridwa kwa masiku owerengeka asanadulidwe, amapereka mafuta ochuluka. Madzi, dzuwa, msinkhu wa masamba ndi kutalika kwa nthawi yotcheza, zonsezi zimalemba zimene zidzakhale m'botolo.

Tanthauzo lake ndi ili: palibe amene anganene moona mtima kuti mafuta a chomera chakuti amachita chakuti pa ubongo, ngati mafutawo sanapimidwe. Kupimako kumachitika ndi makina otchedwa gas chromatograph, amene amalekanitsa timankhwala tonse ndi kuonetsa kuchuluka kwa kalikonse. Bungwe la miyezo la dziko lonse la ISO linaika malire amene mafuta ayenera kukhalamo, monga ISO 3515 ya lavender ndi ISO 4731 ya geranium. Wogula wodalirika amafunsa chikalata cha kupimako asanafunse mtengo.

Kumene Kuli Phindu Lodalirika

Kodi tsono mlimi aiwale za ulimi umenewu? Ai ndithu. Phindu lilipo, koma lili pa ntchito zimene zatsimikizika.

Ku Pretoria West komweko, mu dipatimenti ya za mbeu ya Tshwane University of Technology, Dharini Sivakumar ndi anzake anaonetsa m'zaka za 2013 ndi 2014 kuti mpweya wa mafuta a thyme umachepetsa matenda a anthracnose, amene amaoletsa mapeyala ndi madontho akuda atakololedwa. Cholinga chao chinali kupeza cholowa m'malo mwa mankhwala a prochloraz, amene misika ya ku Ulaya ikuchepetsa muyeso wake wololedwa pa zipatso. Apa zotsatira zimaoneka ndi maso ndipo zimawerengeka: peyala laola kapena silinaole.

Bungwe la kafukufuku la CSIR, limene likulu lake lili ku Pretoria, linagwira ntchito ndi asing'anga pa chanzi wothamangitsa udzudzu. Mu 2003 mbali ziwirizo zinasainirana pangano logawana phindu, ndipo makandulo a mafutawo anayamba kupangidwa ku Giyani m'chigawo cha Limpopo. Chofunika kuona ndi chakuti sanatole chanzi aliyense wa m'tchire. Anasankha mtundu umodzi wokhala ndi timankhwala tofunikato, ndipo ndiwo anauchulukitsa kuti alimi adzale.

Geranium, amene kwao kwenikweni ndi kum'mwera kwa Africa, amagulidwa ndi opanga mafuta odzola, sopo ndi zonunkhiritsa. Buchu wa ku Western Cape amagulidwa ndi opanga zakumwa ndi zakudya. Misika imeneyi siifuna malonjezo a kuchiritsa misala. Imafuna mafuta ofanana chaka ndi chaka, ochuluka mokwanira, ofika pa nthawi yake.

Mlimi ayeneranso kudziwa kuti akalemba pa botolo kuti mafuta ake amachiza nkhawa kapena kukhumudwa, wasandutsa malonda ake kukhala mankhwala pamaso pa lamulo. Ku South Africa nkhani yotere imagwa pansi pa lamulo la mankhwala la nambala 101 la 1965 ndi bungwe la SAHPRA. Ku Malawi kuli PMRA, ku Zambia ZAMRA, ku Zimbabwe MCAZ ndipo ku Mozambique ANARME. Kalabu ya alimi ingataye katundu wake yense kaamba ka mzere umodzi wa pa chizindikiro.

Malangizo kwa Alangizi

1. Musalimbikitse alimi kudzala mbeu yonunkhira musanadziwe amene adzagule, mtundu umene akufuna ndi kumene adzatchezere. Masamba ndi olemera ndipo amaonongeka msanga, chotero chotchezera chiyenera kukhala pafupi ndi munda.

2. Tengani mbeu kuchokera ku malo a kafukufuku kapena ku nazale yodziwika. Geranium ndi chanzi wosankhidwa achulukitsidwe ndi timitengo todula, osati ndi njere, kuti mtundu wa mafuta usasinthe.

3. Yambani ndi ndime yaing'ono, tchezani, ndipo tumizani mafutawo kukapimidwa. Lembani tsiku lodula, nyengo ndi nthawi imene kutcheza kunatenga.

4. Pa botolo palembedwe dzina la sayansi la chomera, mbali ya chomera imene inatchezedwa, malo ndi tsiku. Pasalembedwe dzina la matenda.

5. Mafuta asamwedwe, asadonthezedwe m'mphuno mwa mwana, ndipo asadzoledwe osasakaniza ndi mafuta wamba. Asungidwe kutali ndi ana monga timachitira ndi mankhwala a thonje, ndipo asathiridwe m'mabotolo a zakumwa.

6. Odwala khunyu, amayi oyembekezera ndi makanda atalikirane ndi mafuta a bulugamu, camphor, rosemary ndi umhlonyane. Pogawa ntchito pa chotchezera, funsani mwaulemu ngati pali amene amagwa, ndipo malowo akhale opita mphepo.

7. Munthu amene akumwa mapiritsi a khunyu kapena a matenda a maganizo asasiye chifukwa cha mafuta alionse. Kusiya mwadzidzidzi kumabweza matenda, nthawi zina moposa kale.

8. Dziwani zizindikiro zofuna chipatala: kukhumudwa kosatha kwa milungu iwiri kapena kupitirira, kuleka kudya ndi kugona, kumva mau amene ena sakuwamva, ndi kulankhula za kudzipha. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO limati pafupifupi mmodzi mwa anthu asanu alionse odzipha amamwa mankhwala ophera tizilombo ta m'munda. Mankhwalawo amadutsa m'manja mwathu. Mukaona mlimi wafika pamenepo, uzani abale ake achotse mankhwalawo m'nyumba, ndipo mperekezeni kwa a zaumoyo tsiku lomwelo.

9. Dziwanani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Mutu umodzi susenza denga.

Mau Omaliza

Chithandizo chotsimikizika cha matenda a maganizo sichili m'zipatala zazikulu zokha. Ku Harare, Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene amayi achikulire ophunzitsidwa amakhala pa benchi ya pa chipatala chaching'ono ndi kumvetsera mavuto a anthu, nawathandiza kupeza njira zowathetsera. Pa kuyesa kumene kunafalitsidwa mu 2016 pa anthu 573, patapita miyezi isanu ndi umodzi, 14 okha mwa 100 amene anakhala pa benchiyo anali adakali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chisamaliro cha nthawi zonse anali 50. Zimenezi zikugwirizana ndi zija zinaoneka mwa okalamba a ku Britain, kuti munthu wokhala pafupi ndi wodwala ali ndi mphamvu imene botolo lilibe.

Fungo labwino m'nyumba, kapu ya tiyi wa chanzi madzulo, ndi sopo wonunkhira geranium ndi zinthu zokoma, ndipo palibe chifukwa choletsera munthu wathanzi kusangalala nazo. Alimi athu angapeze nazo ndalama. Koma ulimi umenewu udzakhazikika pokhapokha utamangidwa pa mbeu yodziwika, mafuta opimidwa ndi mau oona. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Alangizi anzanga, mlimi akakufunsani za kabotolo konunkhira, mufunseni mafunso atatu: ndi chomera chiti, chinapimidwa kuti, ndipo adzagwiritsa ntchito ndani. Mayankho akasowa, kabotoloko kakhale ka fungo basi, ndipo wodwala apite ku chipatala.